Yiwu ili m'manja mwa Jinhua, ejenti wanu sanalakwitse adiresi

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri. Ejenti wanu wa ku China wakutumizirani adiresi yolembedwa Zhejiang, Jinhua, Yiwu, pomwe inu mumadziwa kuti Yiwu ndi mzinda pawokha, ndiye mukudabwa kuti Jinhua akulowapo bwanji. Wina wakuuzani kuti fakitale yake ya majinzi ili ku Guangzhou, koma pamapu ikuoneka kutali kwambiri ndi Xiaobei kumene mumafikira, ndiye mukuopa kuti akufuna kukudyerani ndalama. Pa za maadiresi zokhazo mtima ukhale m'malo, onse awiri akhoza kukhala akunena zoona. Ngati ndi okhulupirika pa ndalama, imeneyo ndi nkhani ina.

Dziko la China limayendetsedwa m'masitepe asanu: chigawo, mzinda waukulu, boma, tauni, kenako mudzi. Malamulo aakulu a dzikolo a 1982 amatchula atatu okha, chigawo, boma ndi tauni, koma mukafika pamalopo mupeza asanu. Adiresi nayo imatsika masitepe omwewo, kuyambira chachikulu kumalizira nambala ya chitseko, mosiyana ndi ife amene timayamba ndi dzina la munthu n'kumalizira dziko.

Pamwamba pali magawo 34 malinga ndi mawerengedwe a ku Beijing. Mwa amenewa 23 ndi zigawo wamba monga Guangdong, Zhejiang ndi Sichuan, ndipo pa 23 pomwepo amawerengerapo Taiwan ngakhale kuti sakuilamulira. (Akuluakulu mukukumbuka kuti Malawi anali paubale ndi Taiwan mpaka kumapeto kwa 2007, a Bingu wa Mutharika atatembenukira ku Beijing.) Asanu ndi zigawo za mitundu ing'onoing'ono ya anthu zomwe amati n'zodziyimira: Guangxi, Ningxia, Xinjiang, Tibet ndi Inner Mongolia. Anayi ndi mizinda yomwe ilibe chigawo pamwamba pake, imayankha ku likulu mwachindunji: Beijing, Shanghai, Tianjin ndi Chongqing. Awiri otsalawo ndi Hong Kong, yomwe idabwezedwa ndi Britain mu 1997, ndi Macau yomwe idachoka m'manja mwa Portugal mu 1999. Awiriwa ali ndi ndalama zawo, malamulo awo ndi zipata zawo zolowera. Ngati viza yanu ndi yolowera kamodzi, mukangowoloka kuchokera ku Shenzhen kupita ku Hong Kong kukagula mafoni, dziwani kuti mwatuluka ndipo vizayo yatha ntchito.

Pamene anthu ambiri timasokonezekera ndi pa sitepe yachiwiri. Kwathu mzinda ndi malo a nyumba zothithikana, malire ake amathera pamene minda yayambira. Ku China mzinda waukulu ndi dera lonse loyendetsedwa kuchokera mutauni imodzi, pamodzi ndi mapiri ake, minda yake, midzi yake ngakhalenso mizinda ina yomwe ili pansi pake. Tayerekezani khonsolo ya Blantyre itapatsidwa Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Mwanza kuti iziyang'anira, ndipo munthu wa ku Luchenza azilemba adiresi yake kuti Kummwera, Blantyre, Thyolo, Luchenza. Jinhua ndi Yiwu akhalirana choncho. Kagawidwe aka kadafala kuyambira 1983, pomwe akuluakulu a dzikolo adaganiza zoti mizinda izikoka madera akumudzi oizungulira pa chitukuko. Lero magawo a sitepe imeneyi alipo 333, ndipo 293 mwa iwo ndi mizinda yotereyi. Guangdong yokha ili nayo 21.

Chitsanzo chodabwitsa ndi Chongqing. Mumva anthu akunena kuti ndi mzinda waukulu kuposa yonse padziko chifukwa kalembera wa 2020 adapeza anthu 32 miliyoni. Koma dera lake ndi masikweya kilomita pafupifupi 82,000, pomwe Malawi yense kuchotsapo nyanja ndi pafupifupi 94,000. Malo ambiri a "mzindawo" ndi mapiri ndi midzi ya alimi. Adaudula ku Sichuan mu 1997, nthawi yomwe ankamanga damu lalikulu la Three Gorges pa mtsinje wa Yangtze ndipo anthu oposa miliyoni amayenera kusamutsidwa. Ndiye munthu akakuuzani kuti amakhala ku Chongqing, sanakuuzeni zambiri.

Ine ndimati wochita bizinesi aziyang'ana sitepe yachitatu, chifukwa katundu ali pamenepo. Sitepe imeneyi ili ndi magawo oposa 2,800 m'dziko lonse, ndipo ndi amitundu ingapo ngakhale ali ofanana mphamvu. Ena ndi maboma akumudzi, dzina lawo limathera ndi Xian. Ena ndi madera a mkati mwa mzinda, amathera ndi Qu. Ena ndi maboma omwe adakula mpaka kupatsidwa dzina la mzinda, amathera ndi Shi ngati mmene umathera mzinda waukulu womwe uli pamwamba pawo. Yiwu ndi yamtundu wachitatuwu. Inali boma wamba mpaka 1988, idakula chifukwa cha msika wa tinthu ting'onoting'ono, ndipo mu 2020 inali ndi anthu oposa 1.8 miliyoni. Kunja kuno imadziwika kuposa Jinhua, koma papepala Jinhua ndiye mkulu wake. Tikiti ya ndege kapena ya sitima mugule ya Yiwu, osati ya Jinhua, chifukwa ndi matauni awiri otalikirana, lililonse ndi siteshoni yake.

Sitepe yachitatuyi ndiyonso yakale kuposa onse. Mfumu Qin Shi Huang atagwirizanitsa dzikolo mu 221 BC adakana kugawira abale ake madera ngati mafumu, m'malo mwake adalidula m'maboma n'kuikamo akuluakulu olembedwa ntchito omwe akanatha kuwachotsa tsiku lililonse. Maufumu akhala akubwera n'kupita, zigawo zidabwera mochedwa ndi a Mongol m'zaka za m'ma 1200, koma maboma sanachoke, ndipo ena akadali ndi maina awo a zaka 2,000 zapitazo. N'chifukwa chake mukafunsa Mtchaina kwawo, akakuzolowerani amakutchulirani boma, osati mzinda.

Tsopano za majinzi anu. Guangzhou ili ndi madera 11, ndipo mu 2020 inali ndi anthu pafupifupi 18.7 miliyoni. Xiaobei ili ku Yuexiu, pakati penipeni. Sanyuanli, komwe kuli misika ya zikwama ndi zovala, ndi ku Baiyun. Chionetsero cha zamalonda cha Canton Fair chimachitikira ku Pazhou, m'dera la Haizhu. Koma majinzi ambiri amasokedwa ku Xintang, tauni ya m'dera la Zengcheng, kum'mawa, ndipo zikwama zambiri zimachokera ku Shiling m'dera la Huadu, kumpoto. Doko la Nansha lili kummwera kwenikweni, ndipo kuchoka kumeneko kukafika ku Conghua komwe kuli mapiri ndi minda ya zipatso ndi ulendo woposa makilomita 100, koma simunatuluke mu Guangzhou. Wamajinzi wanu ngati ali ku Xintang, sananame. Chomwe muyenera kumufunsa n'chakuti ndalama yonyamulira katundu kuchoka kumeneko kukafika ku weyahausi ya amene amakupakirani kontena alipira ndani. Ambiri amalirira pamenepa.

Ndipo mochenjera ena amati "Guangzhou" pomwe ali mumzinda wina woyandikana nawo, podziwa kuti ndi dzina lokhalo lomwe mlendo amalidziwa. Matailosi ndi mipando ndi za ku Foshan, msika waukulu wa mipando uli ku Lecong m'dera la Shunde. Magetsi a m'nyumba ndi a ku Guzhen, tauni ya mu Zhongshan. Zida za mafoni ndi Huaqiangbei ku Shenzhen. Shenzhen imeneyo mpaka 1979 inali boma lakumudzi lotchedwa Bao'an. Lero Bao'an ndi dera limodzi chabe mkati mwa Shenzhen. Zhongshan ndi Dongguan nazo zili ndi khalidwe lawolawo: zilibe sitepe yachitatu, mzinda umalamulira matauni mwachindunji. Mukaona adiresi yolembedwa Guangdong, Dongguan, Humen, musaganize kuti adumpha china.

Za sitepe yachinayi sindichedwapo. Matauni ndi madera ang'onoang'ono a mumzinda alipo oposa 38,000. Ambiri akumudzi ndi omwe anali makomyuni, magulu a midzi yolima pamodzi a nthawi ya mtsogoleri Mao Zedong, omwe adayamba mu 1958 n'kuthetsedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Dzina loti tauni lisakupusitseni, Humen yokha ili ndi anthu mazana a zikwi.

Mudzi ndiye wosiyana kwambiri ndi kwathu. Kulibe nyakwawa, kulibe gulupu, ufumu wa magazi kulibe. Mudzi uli ndi komiti yosankhidwa ndi anthu a m'mudzimo, motsatira lamulo lomwe adayamba kuliyesa mu 1987 n'kulikhazikitsa mu 1998, koma pambali pake pali mlembi wa chipani cha Komyunisiti, ndipo mawu omaliza amakhala ake. Izi zili pa sitepe iliyonse mpaka kumwamba: bwanamkubwa wa chigawo ndi wachiwiri, woyamba ndi mlembi wa chipani, ndipo onsewa amasankhidwa ndi omwe ali pamwamba pawo. Mtsogoleri wa dzikolo a Xi Jinping adakwera makwerero omwewa, mlembi wa mudzi wa Liangjiahe, kenako boma la Zhengding, mizinda ya ku Fujian, chigawo cha Zhejiang kuyambira 2002 mpaka 2007, Shanghai, kenako Beijing. Kunena kuti zigawo zimadzilamulira ngati mmene zimachitira za ku America n'kulakwitsa.

Malo a mumzinda ndi a boma la dziko, a kumudzi ndi a mudzi wonse pamodzi. Mzinda ukamakula umameza minda, koma nyumba za mudziwo nthawi zambiri zimatsala, eni ake n'kumanga zosanjikizana zothinana kuti azichititsa lendi. Sanyuanli ndi mudzi woterewu. Ndiye adiresi yokhala ndi Cun kumapeto, kutanthauza mudzi, ikhoza kukhala pakati pa mzinda, pafupi ndi siteshoni ya sitima yapansi.

Magawo amenewa amamangiriranso anthu. Kuyambira 1958 banja lililonse limalembetsedwa pamalo amodzi, amati hukou, ndipo sukulu ya ana, chithandizo cha kuchipatala ndi mayeso olowera ku yunivesite zimatsatira kumene udalembetsedwa. Masiku ano afewetsako, koma antchito ambiri a m'mafakitale a Guangdong kwawo ndi ku Hunan, Guangxi kapena Sichuan. Chaka chatsopano chawo chikafika, mu Januwale kapena Febuluwale, onse amabwerera kumidzi yawo ndipo mafakitale amatseka kwa masabata. Oda yoikidwa mu Disembala mochedwa ikhoza kutuluka mu Malichi.

Pali njira yoti mutsimikizire nokha kumene kampani ili. Chigawo, mzinda ndi boma lililonse zili ndi nambala, manambala awiriawiri olumikizana. Zhejiang ndi 33, Jinhua ndi 07, Yiwu ndi 82, pamodzi 330782. Guangdong ndi 44, Guangzhou ndi 4401, Shenzhen 4403, Foshan 4406. Muuzeni ejentiyo akutumizireni chithunzi cha laisensi ya bizinesi yake. Pamwamba pake pali nambala ya zilembo 18, ya kampani wamba imayamba ndi 91, ndipo manambala asanu ndi limodzi otsatirawo ndi a dera lomwe idalembetsedwa. Ya ku Yiwu iyamba 91330782. Izi zikuuzani kumene kuli ofesi yolembetsedwa, osati kumene kuli makina osokera, choncho wamajinziyo mumufunsenso dera, tauni ndi msewu wa fakitale, akulembereni m'zilembo za Chitchaina kuti muike pamapu kapena muonetse woyendetsa takisi.