Funsani Malume: Okapi kapena Victorinox?

Funso: Malume, ine ndimagwira ntchito mu shopu ya hadiweya, tsiku lonse ndi kudula zingwe ndi makatoni, Loweruka ndimakawedza ku Senga Bay. Ndikufuna mpeni wopinda umodzi basi wokhala m'thumba. Anzanga akuti ndigule Okapi koma alamu anga a ku Leeds ku England akuti andibweretsera Victorinox. Nditenge uti? Wowerenga wa ku Salima.

Yankho: Mphwanga, cha ulele sitikana, alamuwo abweretse ndithu, bola auike m'chikwama chachikulu osati chokwera nacho mundege, apo ayi utsalira pa eyapoti. Victorinox ndi wa ku Switzerland, kampani yake inayamba mu 1884, chitsulo chake sichichita dzimbiri wamba ndipo mitundu yambiri imakhala ndi kasizasi, sikuludilaiva ndi chotsegulira botolo, mu shopumo muusangalala. Koma kunyanja ayi. Yaing'ono yofiira ija ilibe loko, mukakanikiza molakwika umapindikira pa chala, komanso mamba a chambo akalowa m'timipata take tija fungo lake simungalithe.

Kunyanja tengani Okapi. Anthu amangoti ndi mpeni wa atsotsi a ku Joni koma unayambira ku Solingen, Germany mu 1902, ku South Africa anayamba kuupanga mu 1988. Uli ndi loko, kuti upindike mpaka mukoke kamphete kapamsana kaja. Okapi wambiri ndi wa carbon steel, chitsulo chija chimanoleka msanga ngakhale pa mwala wa pakhomo kapena pansi pa kapu yadothi, vuto lake ndi dzimbiri basi, ndiye mukatumbula nsomba tsukani, pukutani mpaka uume, mupakeko kadontho ka mafuta ophikira. Ukayamba kuda musadandaule, ndi mmene chimakhalira chitsulocho, choopa ndi dzimbiri lofiira. Ndipo tinene zoona, Okapi akagwera m'madzi mungodandaula pang'ono n'kugula wina, koma wa alamu uja mukafotokoza bwanji?

Kungoti musakabweze mphatso powapatsa alamuwo Okapi. Ku England lamulo limalola kuyenda ndi mpeni wopinda wopanda loko wosapitirira mainchesi 3, woti uli ndi loko amafuna chifukwa chomveka. Inunso kunoko mukaweruka usiyeni kunyumba, ku bawa kulibe makatoni odula.