Kodi pali njira yodziwira ngati mu soseji muli nkhumba?

FUNSO: Ndili ndi golosale ndipo makasitomala anga ambiri ndi Asilamu. Ndimapikula polony ndi masoseji olembedwa kuti ndi a ng'ombe. Ndingatsimikize bwanji kuti mulibe nkhumba?
Mayi wa ku Mangochi

YANKHO: Nkhawa yanu ndi yomveka, Mayi. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, akatswiri a pa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa anayeza zakudya za nyama 139, ndipo 37 pa 100 zilizonse zinali ndi nkhumba yosalembedwa pa paketi. Nthawi zina si dala ayi, koma makina ogayira nyama osatsukidwa bwino akagaya nkhumba.

Njira yodalirika ndi PCR, yomwe imafufuza DNA, chizindikiro cha chibadwa chomwe chimasiyanitsa mtundu wa nyama ndi unzake. Ku labotale amatapa tizidutswa m'malo angapo a paketi, n'kutigaya pamodzi, n'kutengapo pafupifupi mamiligalamu 200. Amachotsamo DNA, kenako makina amaitenthetsa ndi kuiziziritsa maulendo pafupifupi 40 kuti ya nkhumba, ngati ilipo, ichulukane mpaka ioneke. Njirayi imagwira ngakhale galamu imodzi ya nkhumba mu kilogalamu ya nyama.

Palinso timapepala toyezera mwachangu tomwe timayankha pa mphindi 10 mpaka 15. Timafufuza mapuloteni, ndipo moto umasintha mapuloteni. Polony ndi yophikaphika, choncho kapepala kopangidwira nyama yaiwisi kangakunamizeni.

Chovuta kwambiri ndi gelatin wa m'maswiti ofewa ndi yogati ina, yemwe amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Pomupanga, asidi ndi kutentha zimaduladula DNA, moti PCR ingalephere kupeza kanthu nkhumba ilimo. Apa pamafunika makina ena a ku labotale otchedwa LC-MS, omwe amafufuza tizidutswa ta mapuloteni. Mafuta olembedwa E471 angachokere ku zomera kapena ku nyama, ndiye muzifunsa wopanga.

Potumiza katundu kokayezetsa, musatsegule paketi. Ikhale yozizira, payokha, nambala ya batch (ya gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi) ikuoneka. Mu 2014 Unduna wa Zaumoyo ku Malaysia unapeza DNA ya nkhumba m'mitundu iwiri ya chokoleti cha Cadbury, koma bungwe la boma loona za Chisilamu m'dzikolo la JAKIM litayeza chotengedwa kufakitale silinapeze kanthu. Kasungidwe ndi katengedwe ka zoyezedwa kamasintha zotsatira.

Dziwaninso kuti labotale singaone ngati ng'ombeyo inazingidwa mwa Chisilamu. Pachifukwa ichi, pemphani wokugulitsani akuonetseni satifiketi ya halal yomwe sinathe ntchito, yochokera ku nthambi ya halal ya Muslim Association of Malawi, kapena ku mabungwe otsimikizira za halal monga SANHA ngati katunduyo wachokera ku South Africa. Onani ngati dzina la katunduyo ndi la fakitale zikufanana ndi zomwe zili pa paketi.