Kodi msilikali angakhale bwana wa timu ya baseball?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti amva kuti osewera baseball ambiri ku America anapita ku nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndiye akufunsa ngati alipo amene atabwerako anadzakhala bwana wa timu, komanso ngati usilikaliwo ndi umene unamukweza.

Alipo achimwene, Hank Greenberg. Mkuluyu anali Myuda wa ku New York, amasewerera Detroit Tigers, mu 1938 anamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) 58 pomwe rekodi ya sizoni imodzi, ya katswiri Babe Ruth, inali 60. Mu 1941 boma linamuitana ku usilikali, anamumasula pa 5 Disembala, patangopita masiku awiri Japan n'kuphulitsa Pearl Harbor, doko la asilikali a America, iye osadikira kuitanidwanso anabwerera yekha mpaka kukafika ku China ndi gulu la ndege zankhondo. Zaka pafupifupi zinayi zinapita choncho, ndipo ndi zaka zija wosewera amakhala magazi akuwira. Wabwerako mu 1945 anamenya grand slam (home run yolowetsa zigoli zinayi nthawi imodzi) tsiku lomaliza la sizoni, Tigers n'kutenga ligi yawo ya American League kenako World Series, ndime yotsiriza pomwe akatswiri a maligi awiri akuluakulu amakumana.

Koma za usilikali kumukweza, ine ayi sindikuvomereza, nkhondo inangomudyera nthawi basi. Anamutsegulira chitseko ndi Bill Veeck, mwini wa Cleveland Indians, amene naye anali msilikali wa gulu la Marines ndipo anaduka mwendo chifukwa chovulala konko. Greenberg atasiya kusewera ku Pittsburgh mu 1947, Veeck anamutenga, n'kumayang'anira matimu ang'onoang'ono osulira anyamata, ntchito yosawoneka koma ndi kumene munthu amaphunzira kugula wosewera asanadule, kenako anakhala general manager, bwana wamkulu wosankha ndi kugula osewera. Mu 1954 Cleveland inawina magemu 111, ikafika ku World Series New York Giants n'kuikwapula 4-0, ndiye mu 1957 ma dayilekita anamuchotsa, mbiri ya usilikali sinamuteteze olo pang'ono.

Mu 1959 anagula masheya mu Chicago White Sox ndi Veeck yemwe uja, chaka chomwecho n'kuwina American League, kenako anagulitsa n'kupita kukapanga ndalama ku Wall Street, kumsika wa masheya ku New York.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha 1970, wosewera wina, Curt Flood, atasumira akuluakulu a baseball pa lamulo lomangirira wosewera ku timu imodzi mpaka eni ake atamugulitsa, Greenberg, munthu woti anakhalapo mwini timu, anakaperekera umboni mbali ya wosewera.