Makalabu asanu, koma akufuna kudzaphunzira za kompyuta

Mayi wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 2. Mtsikanayu akufuna kudzachita Computer Science, ndiye walowa makalabu asanu atamva kuti mayunivesite amayang'ana zimenezi. Kodi ndi zoona?

Mayi, zikutengera komwe akufuna kukaphunzira. Kuno kwathu, kusankhidwa kupita ku UNIMA ku Zomba, MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre kapena Mzuni kumadzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo chomwe chimawerengedwa ndi zotsatira za MSCE. Pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kwa wofuna za kompyuta, giredi ya Masamu ndiyo imam'tsegulira khomo kapena kum'tsekera. Setifiketi ya kalabu ya zisudzo siwonjezera kalikonse pamenepo. Kalabu iliyonse yomwe ikumudyera nthawi ya Masamu ndi Physics aisiye teremu ino.

Makalabu amayamba kuwerengedwa akafuna kupita kunja. Mayunivesite ambiri a ku America amagwiritsa ntchito fomu ya Common App, yomwe ili ndi malo 10 olembapo zochita za mwana kunja kwa kalasi, ndipo chilichonse amachifotokoza m'zilembo zosaposa 150. Mawu akuti "ndinali membala" sanena kanthu. Owerenga amafuna kuona chinthu chomwe mwana anachipanga yekha, anthu n'kuchigwiritsa ntchito.

Ndiye atenge chimodzi, achigwire zolimba. Chitsanzo chili pafupi: banki m'khonde ya kumudzi kwanuko. Ayambe kuphunzira Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, pa foni ya Android kudzera pa pulogalamu ya Pydroid 3, yomwe ikangolowa m'foni imagwira popanda bandulo. Maola atatu pa sabata akwana, Loweruka ndi patchuthi. Pakatha teremu alembe kapulogalamu kosunga masheya a membala aliyense, ngongole yomwe watenga ndi chiwongoladzanja chomwe gulu linagwirizana. Kwa miyezi itatu asataye kope la mlembi. Tsiku lililonse la msonkhano aziyerekeza zomwe zili m'kope ndi za m'foni. Apa mpomwe zimasokonekera: wina wabweza theka la ngongole, wina wadumpha mwezi chifukwa fodya sanagulitse, pulogalamu n'kutulutsa nambala yolakwika. Kupeza chomwe chalakwika n'kuchikonza ndiye maphunziro enieniwo, ndipo ndi zomwe adzalembe m'nkhani yake yofunsira malo.

Ana ambiri amataya ntchito ya chaka chonse foni ikabedwa kapena fulashi ikagwidwa vayilasi. Azisunga pulogalamu yake pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo mapulogalamu, sabata iliyonse, koma mayina ndi ndalama za anthu a m'gulu asaziike poyera. Akhalenso ndi kabuku kolembamo tsiku, maola omwe wagwira ndi chiwerengero cha anthu omwe akuthandizika, chifukwa fomu ya Common App ija imafunsa maola pa sabata ndi masabata pa chaka.

Akafika Fomu 3, aziphunzitsako anzake a Fomu 1 anayi kapena asanu, aphunzitsi a Masamu akudziwa. Ndi iwowo omwe adzamulembere kalata yomuchitira umboni, ndipo amalemba bwino zomwe anaziona ndi maso.

Musawononge ndalama pa masetifiketi ogula pa intaneti. Maphunziro a kompyuta a pa intaneti otchedwa CS50, a yunivesite ya Harvard, ndi aulere, ndipo uphungu wa EducationUSA, ofesi yolangiza ofuna kukaphunzira ku America, ku Lilongwe salipiritsa. Ndalamazo mugulireni pawabanki, kuti magetsi akazima foni isamuthere moto ali pakati pa ntchito.