Ndikawauze chani anthu ofuna kuika ndalama mu geni yanga?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndili ku Bembeke kuno ku Dedza, ndinayamba kukazinga makirisipi a mbatatesi nkumaika m'timapaketi. Pano anthu ena aku Lilongwe akuti ndikawafotokozere, mwina aikapo ndalama. Mtima uli phaphapha, ndikonzekere bwanji? Mtsikana wa ku Bembeke

YANKHO: Achemwali, musaope, inu ndi amene mukuidziwa geniyo. Nyamulani timapaketi akalawe, komanso kope lanu lija la malonda ngakhale lili ndi madontho a mafuta, chifukwa anthuwa amafuna manambala: thumba la mbatatesi mumagula zingati, limatulutsa mapaketi angati, mukachotsa mafuta, nkhuni, mapulasitiki ndi thiransipoti mumatsala ndi zingati, ndipo mbatatesi ikakwera mtengo mumatani. Mamesseji a Airtel Money kapena Mpamba musafufute, ndi umboni.

Bizinesi ikhale yolembetsa, TPIN (nambala yanu ya msonkho) ya ku bungwe lotolera misonkho la MRA ikhalepo, ndipo poti ndi chakudya adzafunsa ndithu za chiphaso cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu.

Tchulani ndalama yeniyeni imene mukufuna ndi chimene mugule, kaya makina odulira kapena omatira mapaketi. Koma chonde, musananyamuke ganiziranitu gawo la bizinesi limene mungawapatse, ndipo pepala lililonse musasayine tsiku lomwelo, aliwerenge kaye munthu wodziwa malamulo.