Funsani a Injiniya: Stress ya powotcherera ikungokwera

Funso: A Injiniya, ndikupanga model (chithunzi cha pakompyuta) ya tanki ya pulesha mu pulogalamu ya ANSYS koma pamene paipi yawotchereredwa ku tanki pandizunguza mutu. Ndikachepetsa timabokosi ta mesh (tizigawo tomwe kompyuta imagawamo model), stress (mphamvu yomwe ikukoka kapena kupanikiza chitsulo pamalopo) ikungokwerakwera osaima. Kodi tankiyi iphulika kapena kompyuta ikundinamiza? Nanga weld (powotcherera) yakeyo ndiijambule kapena ndiisiye? — Wophunzira za uinjiniya

Yankho: Achimwene mtima pansi, mwina tanki yanu ilibe vuto. Chavuta ndi ngodya yakuthwa imene mwajambula pomwe weld yakumana ndi chitsulo cha tanki. M'masamu a kompyuta stress ya pangodya yotere ilibe malire, ndiye mukachepetsa mesh nambala ikwera, mukachepetsanso ikweranso basi, nambala imeneyoyo musaikhulupirire. Weld yeniyeni siikhala yakuthwa choncho, kaipapaseni ndi chala mumva kuti m'mphepete mwake ndi mokhota pang'ono, komanso zimasiyana malinga ndi dzanja la wowotcherera.

Tsono kujambula kapena kusajambula zitengera chomwe mukufuna kudziwa. Ngati nkhani ndi yoti tanki ipirira pulesha, ASME Section VIII Division 2 Part 5 (malamulo a ku America opangira matanki a pulesha) imati mudutse mzere m'kukhuthala kwa chitsulo n'kugawa stress kukhala membrane (yofanana m'kukhuthala konse) ndi bending (yopinda chitsulo), peak (yokwera kwambiri) ya pangodya ija iikeni pambali. Apa ma shell element (timabokosi topyapyala ngati pepala) nthawi zambiri amakwana.

Koma ngati tanki izidzazidwa ndi kuphwetsedwa kambirimbiri, apa ine ndimaumirira ndithu kuti weld ijambulidwe, chifukwa ming'alu ya kutopa kwa chitsulo imakonda kuyambira m'mphepete mwa weld momwemo. Ijambuleni ndi ma solid element (timabokosi tokhuthala ngati njerwa), kukula kwake kukhale monga ziliri pa drawing. Kenako tsatani njira yotchedwa hot spot ya IIW (bungwe la padziko lonse loona za kuwotcherera), muwerenge stress pa mtunda wa 0.4t ndi 1.0t kuchokera m'mphepete mwa weld, t ndiye kukhuthala kwa chitsulo, n'kukoka mzere wowongoka kubwerera pa weld paja. Chitsulo chikakhala cha 20 mm ndiye kuti muwerenga pa 8 mm ndi pa 20 mm. Ena amakhotetsa ngodyayo ndi radius ya 1 mm, nayonso ndi njira ya IIW pa chitsulo cha 5 mm kupita m'mwamba, kungoti imafuna mesh ya timabokosi ting'onoting'ono zedi.

China chomwe ambiri amaiwala, ngati weld sinalowe mpaka mkati kampata kotsalako kaoneke mu model, musamate zitsulo ziwirizo ngati ndi chimodzi, chifukwa mng'alu utha kuyambira mkati momwemo komwe diso silifika.