Jezi yosokedwa ndi mabotolo: zoona zake

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Adidas imapanga majezi ndi mabotolo apulasitiki otoledwa kunyanja, komanso ngati zikutanthauza kuti kampaniyi imasamala chilengedwe ndi antchito. Za mabotolozo si bodza ayi. Mu 2015 Adidas inagwirizana ndi bungwe lolimbana ndi zinyalala za pulasitiki m'nyanja la Parley for the Oceans, ndipo mu 2016 Real Madrid ndi Bayern Munich anasewera atavala majezi amtunduwu. Mabotolowo ankatoledwa m'mphepete mwa nyanja, monga ku zilumba za Maldives, kenako ankawatsuka, kuwaphwanya, kuwasungunula n'kupota ulusi wa poliyesitala.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti botolo likasanduka jezi, limakhalabe pulasitiki. Botolo lingathe kusungunulidwa n'kukhalanso botolo, koma jezi ikatha, makamaka yokhala ndi nambala ndi zilembo zomata, kawirikawiri ulendo wake wathera pomwepo. Ndipo kumene imakathera nthawi zambiri ndi kuno kwathu, m'mabelo a kaunjika. Ndinaonapo jezi yakale itaponyedwa pamoto wa zinyalala kuseri kwa nyumba. Siinapse ngati nsalu ya thonje. Inakwinyika, n'kumadontha ngati jumbo, utsi wakuda bii, fungo lake lotsamwitsa, ana ali chiimire pafupi. Ngakhale pochapa, timaulusi tosaoneka ndi maso timathothoka n'kupita ndi madzi, ndipo sitiwola. Amene amachapira kumtsinje amatisiya mommo.

Pa za antchito m'pofunika kutchera khutu kwambiri. Likulu la Adidas lili ku Herzogenaurach ku Germany, koma zovala zambiri zimasokedwa m'mafakitale a anthu ena ku Vietnam, Indonesia, Cambodia ndi China. Mu 2011 fakitale ya PT Kizone ku Indonesia, imene inkasokera Adidas ndi Nike, inatsekedwa mwini wake atathawa, ndipo antchito oposa 2,000 anatsala manja ali m'khosi, opanda ndalama zawo zosiyira ntchito. Adidas inayamba yakana kulipira, ponena kuti fakitaleyo si yake. Inadzavomera mu 2013, ophunzira a m'mayunivesite a ku America atalimbana nayo mpaka masukulu ena kuthetsa mapangano awo ndi kampaniyi. Zaka ziwiri zathunthu mabanja akudikira. Chabwino chimene ndingaiyamikire n'chakuti imaulula mndandanda wa mafakitale ake, choncho mabungwe oona za antchito amadziwa kokafufuza.

Ndiye ngati jezi muli nayo kale, achimwene, ivaleni mpaka itheretu. Ikang'ambika m'khwapa pitani nayo kwa telala, ikatha ikhale chokolopera, koma chonde musaitenthe. Mukamasankha pa kaunjika, tembenuzani kansalu ka m'kati muwerenge dziko limene inasokedwa ndi mtundu wa ulusi. Dziwaninso kuti majezi ambiri atsopano otchipa amene ali m'misika yathu ndi achinyengo, ndipo zonse za mabotolo a kunyanjazi siziwakhudza n'komwe.